Wamoyo Amaonekanso: Chining'a cha Chitaliyana, Chingerezi ndi Malonje a Matchona a ku Mufakose

1. Mawu Oyamba

Pa misonkhano ya akatswiri a ziyankhulo za m'chigawo chino timakambirana kawirikawiri za kumasulira kuchokera m'Chingerezi kupita m'ziyankhulo zathu, ndipo tinazolowera kuyesa Chichewa, Chishona kapena Chitumbuka ndi muyeso wa Chingerezi. M'nkhani ino tikufuna kutembenuza muyesowo. Titenga chining'a chimodzi cha Chitaliyana, "chi non muore si rivede", chimene Mtaliyana amanena akakumana ndi munthu amene wakhala nthawi yaitali osaoneka, ndipo tifunsa mmene chiyenera kumasuliridwira m'Chingerezi. Pofuna yankho tidzera ku Mufakose, lokeshoni ya kumadzulo kwa mzinda wa Harare, kumene kumakhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito.

Njira imeneyi ingaoneke yozungulira, koma ili ndi chifukwa chake. Mfundo yathu ndi yakuti mawu amene anthu amalonjerana nawo amasenza mbiri ya maulendo awo. Kumene amuna ankachoka pamudzi popanda wodziwa ngati adzabwerera, moni wa pokumananso amatchula moyo ndi imfa. Ataliyana ndi Achewa ali ndi mbiri yotere, choncho malonje awo amamvana. Womasulira amene saidziwa mbiriyi amathamangira mawu a Chingerezi amene ali pafupi, nataya chimene chili pakati penipeni pa chining'acho.

2. Mamangidwe a Chining'achi

Tiyambe ndi mawu enieniwo. "Chi" ndi "amene" kapena "yense amene". "Non muore" ndi "safa". "Si rivede" ndi "amaonekanso". Mneni wa Chitaliyana "vedere" ndi "kuona", ndipo mphatikiri "ri-" amagwira ntchito imene "-nso" amagwira m'Chichewa. Chovuta chili pa kaliwu "si". M'Chitaliyana kaliwu kameneka kamasenza ntchito zingapo zimene ziyankhulo za Chibantu zimazigawa bwinobwino ndi misintho ya mneni:

(1) kuona
(2) kuonedwa
(3) kuoneka
(4) kuonana
(5) kudziona

M'chining'a chathuchi "si rivede" ali pakati pa (2) ndi (3): munthuyo amaonedwanso, amaonekanso. Komabe khutu la Mtaliyana limamvamonso (4), popeza mneni yemweyo ndiye ali m'mawu otsanzikirana akuti "arrivederci", amene ali ndendende ndi "tionananso" wathu. Mchewa savutika kumva kusiyana ndi kugwirizana kwa zimenezi, pakuti aphatikiri -edw-, -ek- ndi -an- amaziika poyera. Chingerezi chilibe misintho yotere. Kuti chinene (4) chiyenera kuwonjezera mawu ena kunja kwa mneni, ndipo chikatero kufupika kwa chining'a kumatha.

Tikumbukirenso kuti muzu -on- ndi wakalekale pakati pathu. Malcolm Guthrie, m'mabuku ake a Comparative Bantu amene anatuluka kuyambira 1967 mpaka 1971, anaonetsa kuti -ona wa Chichewa, Chishona ndi Chiswahili, -wona wa Chitumbuka ndi -bona wa Chizulu ndi mbewu imodzi. Moni wa Azulu wakuti "sawubona" wamangidwa pa muzu womwewo, monganso "tikuoneni" amene timamva m'madera a Angoni. Kwa anthu a Chibantu, tsono, kulonjerana ndi kuonana ndi chinthu chimodzi.

Pa kagwiritsidwe ntchito kake, chining'a cha Chitaliyanachi chimanyamula akatundu atatu nthawi imodzi. Woyamba ndi chimwemwe cha kudabwa. Wachiwiri ndi chidzudzulo chofatsa, monga kunena kuti unali kuti osatumiza ndi uthenga womwe. Wachitatu ndi imfa, imene imatchulidwa moseka: ndinkayesa kuti unafa. Ataliyana a masiku ano amachinena mwanthabwala, ndipo imfayo saimva kulemera. Komabe liwulo lilimo, ndipo kumasulira kumene kukulichotsa kwasintha chining'acho.

3. Ataliyana Monga Anthu a Maulendo

Kuyambira 1876 mpaka 1915 anthu pafupifupi 14 miliyoni anachoka ku Italy kukafuna ntchito ku America, ku Argentina, ku Brazil ndi kumayiko ena a ku Ulaya. Ambiri anali amuna a kumidzi, osadziwa kulemba, amene anasiya akazi ndi ana. Chiyankhulo chinawapezera dzina akazi osiyidwawo: "vedove bianche", kunena kuti akazi amasiye oyera, amasiye amene amuna awo akali moyo. Ndipo imfa ya kutali sinali yongoyerekeza. Pa 8 Ogasiti 1956, pa mgodi wa malasha wa Marcinelle ku Belgium, anthu 262 anafa ndi moto, ndipo 136 mwa iwo anali Ataliyana. Sitikunena kuti chining'achi chinabadwa m'zaka zimenezi. Tikunena kuti m'midzi yotere mawu akuti wosafa amaonekanso anali ndi tanthauzo lenileni, asanasanduke nthabwala ya pamsewu.

Ataliyana ndi anthu athu anakumananso maso ndi maso. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Impresit, ndipo ambiri mwa antchito akuda anachokera ku Nyasaland. Anthu 86 anafera pantchitoyo, akuda ndi Ataliyana omwe, ndipo tchalitchi cha St Barbara ku Kariba chinamangidwa powakumbukira. Ku Malawi nakonso ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy anagwira ntchito ku Mangochi ndi ku Balaka; mmodzi wa iwo, Alessandro Assolari, anakhala episkopi woyamba wa Mangochi mu 1973. Choncho funso la kumasulira pakati pa Chitaliyana ndi Chichewa si la m'kalasi mokha. Makalata, maulaliki ndi nkhani zakhala zikuwoloka pakati pa ziyankhulo ziwirizi, ndipo kawirikawiri mlatho wake wakhala Chingerezi.

4. Njira ya ku Halale

Tsopano titembenukire kwa anthu athu. Dziko la Nyasaland litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, boma linaika msonkho wa nyumba, umene unkafuna ndalama m'midzi mmene munalibe ndalama. Malipiro a m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje anali ochepa poyerekeza ndi a kumwera kwa Zambezi. Mu 1903 eni migodi ndi boma la Southern Rhodesia anakhazikitsa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analitcha Chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Ambiri ankalipewa, nayenda okha pansi m'magulumagulu, kudzera m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, mpaka kukafika ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Panjira panali njala, zilombo ndi achifwamba. Mzinda wa Salisbury ankautcha Halale, potengera dzina la lokeshoni ya Harari imene inakhazikitsidwa mu 1907, ndipo m'midzi ya ku Malawi dzinali linafika poimira dziko lonselo.

Mu 1935 boma la Nyasaland linasankha komiti yofufuza za anthu opita kunja, imene imadziwika ndi dzina la wapampando wake, Travers Lacey. Komitiyo inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula kwambiri za iwo amene sankabwereranso. Chaka chotsatira, 1936, maboma atatu a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana pangano ku Salisbury loyendetsera antchito. Pambuyo pake panabwera malole onyamula anthu osalipira, amene anatchedwa Ulere, ndipo mu 1946 panabwera bungwe lina lolemba antchito limene linadziwika kuti Mthandizi. Maina awiriwa ndi a Chichewa, ndipo akusonyeza amene ankafunidwa.

M'mbiri imeneyi ndimo munabadwira liwu lakuti mtchona, pochulukitsa matchona, limene Atumbuka ndi Atonga alinso nalo. Mtchona ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kutali nakhalitsa komweko, osabwera, osalemba kalata, osatumiza kanthu. Ife tikuona kuti muzu wa liwuli ndi mneni wa ziyankhulo za Chinguni, -shona m'Chizulu ndi -tshona m'Chindebele ndi m'Chixhosa, umene unafika kwathu kudzera m'Chilapalapa cha m'migodi ndi m'mapulazi. Mneni ameneyu amanena za kumira ndi za kulowa kwa dzuwa, ndipo m'Chizulu amanenanso za kumwalira. Mtchona, tsono, ndi munthu amene walowa monga dzuwa, ndipo a kumudzi sakudziwa ngati kudzacha. Chochititsa chidwi n'chakuti Andebele amagwiritsa mneni yemweyo polonjerana madzulo: "litshone njani?", kufanana ndi "mwaswera bwanji?" wathu. Moni ndi imfa zili pa muzu umodzi.

Pakati pa Achewa, amene amatsata mbumba ya kuchikazi, utchona unkabaya pawiri. Mkazi ankatsala pamudzi pa amayi ake, wopanda womulimira ndi womulipirira msonkho. Alongo ake a mtchonayo ankatsala opanda mwinimbumba wowaimira pa milandu ndi pa maukwati. Mabanja ena anatha pabwalo la mfumu mwamuna akali moyo ku Halale. Amenewa ndiwo anali amasiye oyera a kwathu.

Mtchona wodziwika koposa onse ndi Hastings Kamuzu Banda. Iye anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kumene tsopano ndi Chegutu, asanapitirire ku Johannesburg, ku America ndi ku Britain. Anabwerera pa 6 Julayi 1958, patapita zaka zoposa 40, ndipo pamisonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Komabe ndi iye yemweyo amene ku Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa la mu 1937. Kubwerera kwake kunali kwa mmodzi. Zikwi zambiri za anzake sizinabwerere.

5. Mufakose

Kwa zaka zambiri antchito ochuluka a mu Salisbury anali ochokera kunja kwa Southern Rhodesia, makamaka ku Nyasaland ndi ku Mozambique, popeza eni dziko ambiri ankakhalabe kuminda yawo. Anyasa ankagwira ntchito za khonsolo ya mzinda, za njanji, za m'mafakitale ndi za m'nyumba za Azungu. Anabwera ndi mipingo yawo. Mishoni ya Dutch Reformed, imene likulu lake linadzakhala Nkhoma, inatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury mu 1912 kuti akasamale akhristu ake, ndipo ntchito imeneyo inabala sinodi ya CCAP ya mumzindawo mu 1965. Ayao anamanga mizikiti. Panali mabungwe othandizana pa maliro, ndipo panali Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha "zvigure" kapena "zvinyau".

Lokeshoni ya Mufakose inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Nyumba zake zinali za antchito a pabanja, mosiyana ndi nyumba zogonamo amuna okhaokha za ku Harari. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa mbiri ya chiyankhulo. Mwamuna wa m'nyumba ya amuna okhaokha ndi wapaulendo. Mwamuna amene wapatsidwa nyumba ya banja, nakwatira, nabereka ana, wamanga mudzi. Mnansi wake Mshona anali ndi "kumusha" kopitako pa tchuthi ndi pokalamba. Mnyasa analibe munda m'dzikomo, ndipo kwawo kunali kutali. Kwa iye lokeshoni inasanduka mudzi, ndipo manda a mumzinda anasanduka manda a makolo.

Dzina lakuti Mufakose lili ndi phunziro lake. Ndi dzina laulemu, limene Ashona amati "chidawo", la anthu a mfunda wa Shava, a mbumba za Hwata ndi Chiweshe. Mshona akafuna kulonjera kapena kuthokoza munthu mwaulemu amatchula mfunda wake, monga momwe ife timanenera kuti "zikomo Phiri" kapena "wawa a Banda". Choncho a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe anakakhala m'lokeshoni yotchedwa ndi chiwongo cha eni nthaka, pakati pa anthu amene ena a iwo ankawanyoza kuti ndi opanda mfunda. Ankatchedwa "mabhurandaya", kuchokera ku dzina la Blantyre, ndi maina ena opweteka koposa. Anusa Daimon anatenga dzina limeneli kukhala mutu wa kafukufuku wake wa udokotala wa mu 2015, ndipo Zoë Groves, m'buku lake la mu 2020 lonena za ulendo wa Amalawi wa ku Zimbabwe kuyambira 1900 mpaka 1965, anaika liwu la matchona pa mutu wa bukulo.

Ufulu wa Zimbabwe wa mu 1980 sunathetse ulendo wawo. Ziphaso za ambiri mwa iwo, ngakhale obadwira komweko, zinalembedwa liwu la Chingerezi lakuti "alien". Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana a anthu ochokera kunja anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ambiri a iwo sanawaonepo, ndipo ochuluka anataya mwayi wovota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la m'bungwe la SADC, ndiponso anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tiifuna pofika ku Chingerezi.

6. Malonje a Matchona

Bronislaw Malinowski, m'nkhani yake ya mu 1923, anaphunzitsa kuti mawu olonjerana sanyamula uthenga, koma amangolumikiza anthu. Chiphunzitso chimenechi chili ndi choonadi chake, koma sichikwanira pa malonje a Achewa. Kwathu pali moni ndipo pali malonje. Moni ndi wapanjira. Malonje amachitika mlendo atakhala pansi: amafotokoza kumene wachokera, mmene wayendera, amene wawasiya ali bwino, amene akudwala ndi amene anatsogola. Kwa anthu a ku Halale, munthu wofika kumene kuchokera kumudzi ndiye anali kalata. Malonje ake ndiwo ankadziwitsa mwamuna kuti amayi ake anaikidwa chaka chatha, kapena kuti mkazi wake anakwatiwanso.

Kukumana kwa akuluakulu awiri a dera limodzi, amene akhala zaka osaonana, tingakuyerekeze motere:

(6) Kodi si a Mbewe awa? Mwasowatu, achimwene! Muli moyo?
(7) Tilipo, a Banda, tilipo. Osowa ndinu.
(8) Indedi, mapiri okhaokha ndiwo sakumana. Nanga kumudzi mwamvako zotani?

M'mawu ochepawa akatundu atatu a chining'a cha Chitaliyana aja alimo onse. Chimwemwe cha kudabwa chili mu funso lakuti "kodi si a Mbewe awa?" Chidzudzulo chili mu "mwasowatu", ndipo woyankha akuchibweza moseka ponena kuti "osowa ndinu". Imfa ili mu "muli moyo?", yotchulidwa mozondoka, ndiponso ili mu mneni kusowa, amene timanenera mbuzi yotayika ndi munthu amene sitikudziwa kumene ali. Yankho lakuti "tilipo" silinena za thanzi. Likunena kuti sitinachoke padziko. Mwambi wa mapiri nawonso uli ndi mnzake m'Chitaliyana, wakuti "le montagne stanno ferme, gli uomini camminano", mapiri amakhala chikhalire, anthu ndiwo amayenda. Ulinso m'Chiswahili, "milima haikutani, binadamu hukutana".

Chishona cha anansi chinalimbikitsa malonje amenewa, pakuti chimayenda m'njira yomweyo. "Mamuka sei?" ndi "mwadzuka bwanji?", "maswera sei?" ndi "mwaswera bwanji?", "tiripo" ndi "tilipo". Mshona akakumana ndi wosowa amati "marova", ndipo mneni -rova ameneyu amanena za kuzimirira kotheratu, monga mu mwambi wakuti "mhosva hairovi", umene uli ndendende ndi "mlandu suola". Komabe pali msampha umodzi umene womasulira ayenera kuudziwa. Kuoneka kwa Chichewa ndi kubwera poyera. "Kuoneka" kwa Chishona ndi kutsanzika. Mwana wa ku Mufakose amene Chishona ndicho chiyankhulo chake choyamba akamva kuti "amaonekanso" angaganize za munthu wotsanzikanso, pamene agogo ake akumva za munthu wobwereranso. Liwu limodzi likuloza kofika ndi kochoka, malinga ndi khutu la womva.

Msampha umenewu si waung'ono, chifukwa m'mabanja ambiri a m'malokeshoni a Harare zidzukulu zimayankhula Chishona tsiku ndi tsiku, ndipo Chichewa chatsalira kutchalitchi, kudambwe, pamaliro ndi pakamwa pa agogo. Mwa zonse zimene mdzukulu wotere amasunga, malonje ndiwo amatsala pomalizira. Angalephere kusimba nkhani m'Chichewa, koma "muli bwanji, agogo?" amamudziwa, ndipo amadziwa kugwada pomunena.

7. Chingerezi Chiyesedwa

Tsopano tingathe kuyesa mawu a Chingerezi amene omasulira amapereka pa "chi non muore si rivede". Tiwayesa ndi akatundu atatu aja, ndiponso tiona chimene chimachitika mawuwo akapitirira ulendo kulowa m'Chichewa.

Oyamba ndi "long time no see", amene ndiwo amabwera msanga m'maganizo. Mawu amenewa anayamba kuoneka m'zolembedwa za ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mamangidwe ake ndi otsanzira Chingerezi chothyoka cha anthu a ziyankhulo zina. Amanena za nthawi yokha. Chimwemwe chilimo, chidzudzulo n'chochepa, imfa mulibe. Womasulira wa Chichewa akalandira mawu amenewa amalemba kuti "papita nthawi tisanaonane", chiganizo choona koma chozizira, chonga cha m'kalata ya ku ofesi.

Achiwiri ndi "look what the cat dragged in", amene amafanizira wofikayo ndi kanthu kokokedwa ndi mphaka. Muli nthabwala, koma ndi nthabwala yonyoza, yoyenera anthu a pachibale chosekana. Kwathu mawu otere angaloledwe pakati pa asuweni kapena pa chinansi cha adzukulu a pamaliro. Kuwanena kwa atsibweni kapena kwa apongozi ndi mlandu.

Achitatu ndi "hello, stranger". Amenewa amasunga chimwemwe ndi chidzudzulo, ndipo m'Chingerezi ndi achikondi. Koma apa ndi pamene mbiri ya Mufakose ikutichenjeza. Mlendo m'Chichewa ndi munthu wolemekezeka. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komabe kumutcha mlendo munthu amene anabadwira m'nyumba ya khonsolo ku Mufakose, amene anakhala zaka ndi chiphaso cholembedwa "alien", ndi kukanda pachilonda. Chimodzimodzinso mtchona wobwerera kumudzi kwawo ku Dedza kapena ku Ntcheu, amene mantha ake aakulu ndi akuti abale ake amulandira ngati mlendo. Chining'a cha Chitaliyana chimauza munthu kuti ndiwe wathu, tinkakuwerengera pakati pa akufa athu. Chikadzera m'mawu achitatuwa chimafika m'Chichewa chitatembenuka, chikumuuza kuti si wathu.

Pali mawu achinayi amene omasulira sawakumbukira kawirikawiri: "so you are still in the land of the living". Chining'a chimenechi chinalowa m'Chingerezi kuchokera m'Chipangano Chakale, ndipo Angerezi amachinena moseka kwa munthu amene wakhala osamveka. Muli kudabwa, muli chidzudzulo, muli imfa yotchulidwa mozondoka, monga mu "muli moyo?" wathu. Ife tikuona kuti amenewa ndiwo mawu a Chingerezi oyandikira koposa. Ndi aatali, ndipo alibe kaimbidwe ka Chitaliyana, koma katundu yense wafika. Eugene Nida, mu 1964, anaphunzitsa kuti kumasulira kwabwino ndi kumene kumachititsa womva watsopano kumva chimene womva woyamba anamva. Pa muyeso umenewo, mawu achinayiwa apambana anzake atatu.

Patsala nkhani ya ulemu. Chitaliyana chimasiyanitsa "tu" ndi "Lei", monga ife timasiyanitsira iwe ndi inu, pamene Chingerezi cha lero chili ndi "you" yekha. Koma chining'achi sichinena iwe kapena inu. Chimanena za "yense amene", ngati kuti wonenayo akuyankhula kumphepo. Imeneyi ndi nzeru imene Achewa amaidziwa bwino: mwambi umadzudzula popanda kuloza chala. Chingerezi, ponena "you", chimaloza. Chichewa chingathe kusunga kuzungulira kumeneku. Pakati pa anthu a msinkhu umodzi tingamasulire kuti "wasowatu, uli moyo?" kapena "mwasowatu, muli moyo?" Pamene pakufunika mawu osaloza munthu, mwambi wa mapiri ulipo kale. Ndipo pamene womasulira afuna kuti owerenga amve kuti wolankhulayo ndi Mtaliyana, ife tikupereka mawu akuti "wamoyo amaonekanso". Tasankha "wamoyo" m'malo mwa "wosafa" chifukwa kufa, ponena za munthu amene ali pamaso pako, n'kokhadzula m'Chichewa, pamene "morire" wa Chitaliyana alibe ukali wotere.

8. Mawu Omaliza

Taona kuti chining'a cha Chitaliyanachi chinamveka bwino titachiika pafupi ndi malonje a matchona, ndipo kuti kumveka kumeneko ndiko kunatithandiza kusankha pakati pa mawu anayi a Chingerezi. Ziyankhulo zathu zingathe kukhala muyeso, ngakhale pa nkhani ya pakati pa ziyankhulo ziwiri za ku Ulaya.

Kuchokera pamenepa tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, olemba mabuku otanthauzira mawu azilemba malonje pamodzi ndi eni ake: amanena ndani, kwa yani, pakatha nthawi yotani. Kuyambira pa buku la David Clement Scott la mu 1892 mpaka pa Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, ntchito yaikulu yagwiridwa pa matanthauzo a mawu. Ntchito ya kagwiritsidwe kake pakati pa anthu ikudikirabe manja ambiri. Chachiwiri, pamene tikumasulira kuchokera m'Chitaliyana, m'Chipwitikizi kapena m'Chifalansa kudzera m'Chingerezi, womasulira azipempha mawu oyambirira a chining'a chilichonse, liwu ndi liwu, asanalandire chimene Chingerezi chamupatsa. Chachitatu, akatswiri a ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe agwirizane kujambula ndi kulemba Chichewa cha m'malokeshoni a Mufakose, Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa. Malamulo a mu 2013 anachipatsa malo papepala, koma amene anawoloka Zambezi pa malole a Ulere ndi a Mthandizi ndi okalamba kwambiri, ndipo akutha chaka ndi chaka. Malonje awo, ndi mmene anasakanikirana ndi Chishona, ayenera kulembedwa eni ake akali okhoza kuyankha kuti tilipo.